Rutabaga m'malo mwa mbatatesi: manambala akuti chiyani, nanga amaphikidwa bwanji?

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti ali ndi matenda a shuga, nkhawa yake yoyamba imathamangira kukhitchini. Amafuna kudziwa chimene azidya. Alangizi a zaumoyo amamuuza kuti achepetse zakudya zokhutitsa, koma mbale ikachepa, njala imabwera msanga, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu ambiri amabwerera ku kadyedwe kawo kakale. N'chifukwa chake akatswiri a kadyedwe amafufuza zakudya zodzaza mbale ndi mimba koma zosakweza shuga kwambiri. Kumayiko ozizira a ku Ulaya ndi ku North America, chimodzi mwa zakudya zotchulidwa kawirikawiri ndi rutabaga, amene ambiri amamuphika m'malo mwa mbatatesi, kapena kuti mbatata ya kachewere.

Nkhaniyi ikufotokoza kuti rutabaga n'chiyani, kusiyana kwake ndi mbatatesi pa manambala, kaphikidwe kake, komanso anthu amene ayenera kusamala asanasinthe kadyedwe.

Rutabaga n'chiyani?

Rutabaga ndi mbewu ya m'banja la kabichi imene imakula chitsinde chachikulu chozungulira, kukula kwake kuyambira pa chibakera mpaka pa mutu wa khanda. Khungu lake ndi lofiirira chakumtunda, lachikasu chakumunsi, ndipo mkati mwake ndi mwachikasu. Dzina lake la sayansi ndi Brassica napus. Ameneyu ndi mtundu womwewo wa repu amene timathyola kudimba n'kudyera nsima. Kusiyana kwake n'kwakuti repu anasankhidwa chifukwa cha masamba, pamene rutabaga anasankhidwa chifukwa cha chitsinde. Mbewuyi inachokera pa kukwatirana kwa kabichi ndi mbewu ina yachitsinde yotchedwa turnip.

Amene anayamba kulemba za mbewuyi m'buku ndi katswiri wa zomera wa ku Switzerland, Gaspard Bauhin, m'chaka cha 1620, ndipo anati inkamera ku Sweden. Dzina loti rutabaga linachokera ku chilankhulo cha ku Sweden komweko, ndipo ndi limene amagwiritsa ntchito ku America ndi ku Canada. Ku England amati swede. Ku Scotland amati neeps, ndipo pa 25 January chaka chilichonse, pokumbukira mlakatuli Robert Burns, amadya neeps wosinja pamodzi ndi mbatatesi yosinja ndi haggis. Ku zilumba za Orkney amasinja ziwirizi mumphika umodzi n'kutcha chakudyacho clapshot. Ku Finland amaphika lanttulaatikko pa Khirisimasi. Choncho m'bale wathu amene ali ku Glasgow, Leeds kapena Manchester amamudutsa rutabaga m'sitolo mlungu uliwonse, ali pafupi ndi karoti, pamtengo wotsika, mwina osadziwa kuti angamuthandize.

Kumeneko nkhaniyi ndi yofunika kwa anthu athu. Bungwe la Diabetes UK limati anthu akuda ochokera ku Africa amayamba kukhala pachiopsezo cha matenda a shuga a mtundu wachiwiri ali ndi zaka 25, pamene azungu chiopsezocho chimakwera akapitirira zaka 40. Kunonso vutoli lilipo. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga wokwera m'magazi.

Manambala a m'mbale

Shuga wa m'magazi amakwera makamaka chifukwa cha makabohaidireti, ndiye kuti sitachi ndi shuga wa m'chakudya. Thupi limagaya sitachi n'kumusandutsa gulukosi, amene amalowa m'magazi. Mwa munthu wodwala shuga wa mtundu wachiwiri, insulini sagwira bwino ntchito yolowetsa gulukosiyo m'minofu, ndiye amakhalitsa m'magazi. Zikatere kwa zaka zambiri, maso, impso, mitsempha ya kumapazi ndi mtima zimawonongeka.

Malinga ndi kaundula wa zakudya wa unduna wa zaulimi ku America, USDA, magalamu 100 a mbatatesi yaiwisi ali ndi makalori 77 ndi magalamu pafupifupi 17 a makabohaidireti. Magalamu 100 a rutabaga waiwisi ali ndi makalori 37 ndi magalamu pafupifupi 9 a makabohaidireti. Pa faiba, gawo lija la chakudya limene thupi siligaya, ziwirizi n'zoyandikana: magalamu awiri ndi pang'ono. Rutabaga ali ndi vitamini C wochulukirapo, mamiligalamu 25, pamene mbatatesi ili ndi pafupifupi 20.

Zikawiritsidwa, kusiyanaku kumakula. Mbatatesi yosenda yowiritsa imakhala ndi magalamu 20 a makabohaidireti ndi makalori 86 pa magalamu 100, pamene rutabaga wowiritsa amakhala ndi magalamu pafupifupi 7 ndi makalori 30. Tiyerekeze kuti munthu amadya magalamu 200 pa chakudya chamadzulo. Ikakhala mbatatesi, wadya magalamu 40 a makabohaidireti ndi makalori pafupifupi 170. Akakhala rutabaga, wadya magalamu 14 ndi makalori 60. Mbale yadzaza chimodzimodzi, koma makabohaidireti atsika ndi magalamu 26. Akasakaniza theka ndi theka ngati mmene amachitira ku Orkney, amadya magalamu 27.

Kuti tione kukula kwa kusiyanaku, kadyedwe kamatchedwa kochepa makabohaidireti ngati munthu sakupitirira magalamu 130 pa tsiku. Mbale imodzi ya mbatatesi ija yatenga kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mlingo umenewu, pamene ya rutabaga yatenga gawo limodzi mwa magawo khumi.

Nambala imene imasokoneza anthu

Amene amakonda kufufuza pa intaneti amakumana ndi nambala ina yoopsa. Pa mlingo wotchedwa glycaemic index, kapena GI mwachidule, rutabaga ali pa 72, ndipo chakudya chilichonse chofika pa 70 chimawerengedwa kuti n'chokweza shuga msanga. Mbatatesi yowiritsa ili pafupifupi pa 78. Poona zimenezi munthu angati palibe phindu posintha.

Tiyenera kumvetsa mmene GI amayezedwera. Mlingowu unayambitsidwa ndi David Jenkins ndi anzake ku University of Toronto mu 1981, ndipo nambala ya rutabaga ija inachokera m'kafukufuku wawo. Poyeza, anthu amapatsidwa zakudya zosiyanasiyana, chilichonse chochuluka mokwanira kuti chipereke makabohaidireti ofanana, kenako amaona mmene shuga wakwerera kwa maola awiri poyerekeza ndi gulukosi weniweni. Ndiye GI amatiuza liwiro la makabohaidiretiwo, koma satiuza kuchuluka kwake m'mbale. Kuti munthu apeze magalamu 50 a makabohaidireti ogayika kuchokera mu rutabaga wowiritsa, ayenera kudya pafupifupi kilogalamu yathunthu. Mbatatesi imafuna magalamu osakwana 300.

Pofuna kukonza vutoli, ofufuza a ku Harvard anabweretsa mlingo wina mu 1997, wotchedwa glycaemic load, kapena GL. Kawerengedwe kake n'kosavuta: mumatenga GI, n'kuchulukitsa ndi magalamu a makabohaidireti ogayika a m'mbale yanuyo, n'kugawa ndi 100. Pa mbale ya mbatatesi ija, tikachotsa faiba patsala magalamu pafupifupi 36, ndipo GL amakhala 28. Pa mbale ya rutabaga patsala magalamu 10, ndipo GL amakhala 7. GL wofika pa 20 ndi wokwera, wosapitirira 10 ndi wotsika. Nambala yachiwiriyi ndi imene imagwirizana ndi zimene munthu wadyadi.

Umboni wochokera ku kafukufuku

Lipoti la akatswiri la American Diabetes Association la mu 2019 linati kuchepetsa makabohaidireti onse pamodzi ndiyo njira ya kadyedwe imene ili ndi umboni wochuluka wotsitsa shuga wa m'magazi. Linanenanso kuti palibe kadyedwe kamodzi koyenera aliyense. Kafukufuku wa DiRECT, amene anatsogoleredwa ndi Mike Lean wa ku Glasgow ndi Roy Taylor wa ku Newcastle ndipo anasindikizidwa mu The Lancet mu 2017, anaonetsa kuti odwala 46 pa 100 alionse amene anatsatira ndondomeko yochepetsa thupi anali ndi shuga wabwinobwino popanda mankhwala patatha chaka. Amene anataya makilogalamu ambiri ndi amene zinawayendera bwino koposa.

Umboni umenewu ukunena za kadyedwe konse ndi kulemera kwa thupi. Rutabaga si mankhwala. Ntchito yake ndi yothandiza munthu kuchepetsa makabohaidireti ndi makalori akadali wokhuta, kuti apirire pa kadyedwe kameneka kwa nthawi yaitali.

Mbatatesi nayo tisaiweruze mopitirira. Kafukufuku wa ofufuza a ku Harvard wosindikizidwa mu The BMJ mu 2025, amene anatsatira anthu oposa 200,000 ku America kwa zaka zambiri, anapeza kuti kudya tchipisi katatu pa mlungu kumayenderana ndi kukwera kwa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 20 peresenti. Kwa mbatatesi yowiritsa, yowotcha kapena yosinja, kukwera koteroko sikunaoneke. Kaphikidwe kali ndi mbali yaikulu, ndipo zimenezi zikukhudzanso rutabaga.

Kusankha ndi kusenda

Sankhani rutabaga wolemera m'manja, wolimba, wopanda ming'alu kapena malo ofewa. Wamng'ono kapena wapakatikati amakhala wofewa ndiponso wotsekemera kuposa wamkulu kwambiri, amene nthawi zina amakhala ndi mitsitsi mkati. Ku America ndi ku Canada amamupaka phula kuti asaume, ndiye khungu lonse liyenera kuchotsedwa.

Rutabaga ndi wolimba kuposa mbatatesi, ndipo ngozi yake yaikulu ndi mpeni. Dulani kachidutswa kumunsi kuti akhazikike pathabwa, mumudule pakati, mugoneke mbali yodulidwayo pansi, kenako musende ndi kudula. Sendani mozama mpaka chikasu cha mkati chioneke bwino, chifukwa pansi pa khungu pali gawo lolimba limene limawawa. Kwa wodwala shuga, bala la mpeni limachedwa kupola, ndiye kusamalaku n'kofunika.

Njira zinayi zophikira

Yoyamba ndi kuwiritsa n'kusinja. Dulani zidutswa zazing'ono zofanana, ngati mmene mumadulira nyama ya ndiwo, muike m'madzi owira, muphike kwa mphindi 25 mpaka 35 kufikira foloko ilowe mosavuta. Rutabaga amachedwa kupsa kuposa mbatatesi, ndiye ngati mukusakaniza, muyambe mwaika rutabaga, mbatatesi itsatire patatha mphindi khumi. Mukakhetsa madzi, bwezerani mphika pamoto wochepa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti nthunzi ituluke. Anthu ambiri amalumpha gawo limeneli, n'kupeza chakudya chamadzimadzi. Mbatatesi ili ndi sitachi wambiri amene amamwa madzi n'kugwirana, koma rutabaga alibe wokwanira. Sinjani ndi mthiko, muthire supuni yaing'ono ya mafuta kapena batala, tsabola wakuda ndi anyezi wamasamba. Musayembekezere kuti afanane ndi mbatatesi. Amamveka kutsekemera pang'ono ndi kafungo ka kabichi.

Yachiwiri ndi kuwotcha mu uvuni. Dulani zidutswa kapena timizere ngati ta tchipisi, mupake supuni imodzi ya mafuta, muyale pathireyi mosaunjika, muwotche pa madigiri 200 kwa mphindi 35 mpaka 45, n'kutembenuza kamodzi. Rutabaga ali ndi shuga wachilengedwe wochuluka kuposa mbatatesi, magalamu 4.5 pa 100 pamene mbatatesi ili ndi wosakwana galamu imodzi, ndiye amafiira msanga m'mbali mkati musanapse. Kuwiritsa kaye kwa mphindi zisanu kapena khumi kumathetsa vutoli. Sakhala wokhuthala ngati tchipisi ya pachiwaya, ndipo kumukazinga m'mafuta ambiri pofuna kuti atero n'kutaya phindu lonse.

Yachitatu, imene ingagwirizane msanga ndi kaphikidwe kathu, ndi kumuika mu ndiwo. Mu nyama ya ng'ombe, ya mbuzi, nkhuku kapena nyemba, rutabaga amamwa msuzi wa tomato ndi anyezi koma osasungunuka ngati mbatatesi. Muikeni kutatsala mphindi 30 kapena 40 kuti ndiwo zipse. Ndiwo zikachuluka chonchi, mtanda wa nsima kapena mpunga ukhoza kuchepa munthu osamva kuti wamanidwa.

Yachinayi ndi kumudya waiwisi, wopala timizere tating'ono, n'kusakaniza ndi karoti, kabichi ndi madzi a ndimu. Vitamini C amawonongeka ndi kutentha ndipo wina amatsalira m'madzi owiritsira, ndiye njira imeneyi imamusunga bwino.

Pa njira zonsezi, fungo loipa limabwera akapsereza nthawi. Zomera za m'banja la kabichi zili ndi michere ya safa imene imatuluka ikaphikidwa mopitirira. Anthu enanso amamva kuwawa kwake kwambiri kuposa anzawo chifukwa cha chibadwa, kudzera mu jini yotchedwa TAS2R38. Otere kuwotcha kapena kusakaniza ndi karoti kumawathandiza kuposa kuthira shuga.

Pamene phindu limatayikira

Posintha mbale ya mbatatesi ija n'kuika ya rutabaga, munthu wapulumutsa makalori pafupifupi 110. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Maphikidwe ambiri a ku Ulaya amathira batala, kirimu, nthawi zina ndi manyuchi, ndipo zikatero makalori amabwerera onse n'kupitirira. Mchere nawo uyenera kuyezedwa. World Health Organization imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu asanu a mchere pa tsiku, ndipo odwala shuga ambiri amakhalanso ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Cholakwika china ndi kuwonjezera m'malo mosinthanitsa. Rutabaga akabwera pambali pa nsima ndi mpunga wochuluka monga kale, makabohaidireti awonjezeka, sanachepe.

Amene ayenera kusamala

Oyamba ndi amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala a gulu la glibenclamide ndi gliclazide. Mankhwalawa amatsitsa shuga kaya munthu wadya zambiri kaya zochepa. Akachepetsa makabohaidireti mwadzidzidzi mlingo wa mankhwala uli womwewo, shuga akhoza kutsikitsitsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzaoneni, kusokonezeka mutu, ngakhale kukomoka. Otere akambirane kaye ndi dokotala kapena namwino wawo, ndipo ayeze shuga pafupipafupi pamasiku oyamba. Metformin payekha sabweretsa vutoli kawirikawiri. Amene amamwa mankhwala a gulu la dapagliflozin ndi empagliflozin asachepetse kwambiri makabohaidireti popanda uphungu wachipatala, chifukwa magazi awo akhoza kuchita asidi woopsa.

Achiwiri ndi odwala impso amene anauzidwa kuti achepetse potaziyamu. Rutabaga ali ndi mamiligalamu pafupifupi 305 pa magalamu 100, mbatatesi ili ndi oposa 400. Ndi wocheperako koma si wochepa. Kudula tizidutswa, kuwiritsa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo kumachotsako gawo lina.

Achitatu ndi a vuto la chithokomiro. Mu 1949, Edwin Astwood ndi anzake anapeza mu rutabaga mchere wotchedwa goitrin, umene umasokoneza ntchito ya chithokomiro. Kuphika kumachepetsa kupangika kwake, ndipo kwa munthu wodya mchere wa ayodini, kudya rutabaga wophika pamlingo wabwino si vuto. Amene ali kale ndi chotupa cha pakhosi asamadye waiwisi wambiri tsiku ndi tsiku. Kwa ena onse, chovuta chimene angakumane nacho ndi mpweya m'mimba pamasiku oyamba, ndipo kuyamba pang'onopang'ono kumathandiza.

Gulu lachinayi timaliphunzira ku mbiri. M'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, mbatatesi inakanika ku Germany ndipo njira zobweretsera chakudya panyanja zinali zotsekedwa. Anthu anadalira rutabaga m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo mpaka lero nyengoyo imatchedwa Steckrübenwinter, kutanthauza dzinja la rutabaga. Mimba zinkadzaza koma matupi ankatha, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Kuchepa kwa mphamvu kumene kumathandiza munthu wonenepa wodwala shuga n'komwe kumavulaza wosowa chakudya. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala chifuwa chachikulu, okalamba amene akuwonda ndi ogwira ntchito zolemetsa amafunika mphamvu zambiri. M'dziko limene kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, uthenga wochepetsa zakudya zokhutitsa uyenera kupita kwa munthu woyenera, osati kubanja lonse.

Nanga amene ali kuno kwathu?

Rutabaga amakonda nyengo yozizira ndipo amatenga miyezi itatu kapena inayi kuti akhwime. Kukatentha, chitsinde chimalimba n'kuwawa. M'misika yathu si mbewu yodziwika, pamene mbatatesi yochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ili ponseponse. Palibe chifukwa choti wodwala awononge ndalama kusakasaka chakudya chochokera kunja. Mfundo yake ndi imene tingatenge: kuchotsako gawo la chakudya cha sitachi wambiri n'kuikapo china chodzaza mimba cha sitachi wochepa.

Manambala a USDA omwewo amatithandiza kusankha. Pa magalamu 100 aiwisi, dzungu lili ndi magalamu pafupifupi 6.5 a makabohaidireti, kabichi ndi mabiringanya pafupifupi 6, karoti pafupifupi 10. Mbatata ya kholowa ili ndi 20, chinangwa 38. Wodwala amene wasiya mbatatesi n'kuyamba chinangwa poganiza kuti n'chachilengedwe wawirikiza kawiri makabohaidireti ake. Amene wachepetsa mtanda wa nsima n'kuwonjezera dzungu, mabiringanya, repu, bonongwe kapena nkhwani wachita zomwe mnzake wa ku Glasgow akuchita ndi neeps. World Health Organization imalangiza magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, ndipo mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa m'gulu limeneli.

Kwa ogwira ntchito zachipatala, uphungu wothandiza umayamba ndi kufunsa wodwala zimene anadya dzulo, mankhwala amene akumwa, ndi amene amaphika kunyumba. Kenako musankhe naye chakudya chimodzi pa tsiku choti asinthe, kuyambira theka ndi theka. Ngati ali ndi makina oyezera shuga, ayeze asanadye ndiponso patatha maola awiri, tsiku lina atadya mbatatesi, tsiku lina atadya cholowa m'malo mwake, alembe manambalawo n'kubwera nawo tsiku lake la sikelo ya shuga. Manambala akewo ndi amene angasonyeze ngati kusinthako kukumuthandiza komanso ngati mlingo wa mankhwala uyenera kuunikidwanso.